Kutsuka mpope wa mfuti ndi chingwe

Funso: Ndili ndi mfuti ya shotgun ya chiphaso, koma nthawi ya dzinja mumpope mumachita dzimbiri. Kodi chingwe chotsukira chija n'chokwanira? — Mlimi, Kasungu

Yankho: Dzimbiri limayamba chifukwa mwaye wa wonga wotsalira mumpope umasunga chinyezi. Chingwe chotsukira, monga BoreSnake, chimakhala ndi kachitsulo kolemera kunsonga, burashi ya mkuwa pakati, ndi mchira wansalu wopukutira. Chimachotsa bwino mwaye watsopano, koma dzimbiri lozama ndi mtovu womatirira zimafuna ndodo yotsukira ndi mankhwala osungunula litsiro.

Mwini mfuti ayenera kuchita izi:

1. Achotse zipolopolo zonse ndi kuonetsetsa kuti mfuti ilibe kanthu.
2. Asankhe chingwe cholingana ndi mpope. Cha 12 gauge sichilowa mu 20 gauge.
3. Adonthezere mankhwala paburashi, kenako alowetse kachitsulo kumbuyo, kolowera chipolopolo, mpaka katulukire kukamwa.
4. Akoke mowongoka kawiri kapena katatu, osakhuza chingwe m'mphepete mwa kamwa la mpope.
5. Apake mafuta a mfuti pang'ono, ndipo awapukute asanaombenso.
6. Achape chingwe ndi sopo, chiume bwino, chifukwa chikada chimakanda chitsulo.

Chingwe chikadukira m'kati, kapena mpope ukatupa, ukang'aluka kapena ukadyeka ndi dzimbiri, mfutiyo isaombedwe mpaka mmisiri wovomerezeka ataiona.