Kukalawa za ku Hungary ndi Slovenia pagulu: mafunso ndi mayankho

Makampani ena okonza maulendo ku Ulaya amasonkhanitsa alendo, kuwapatsa basi ndi munthu wowatsogolera, n'kuwayendetsa m'misika, m'makhitchini ndi m'minda ya mphesa ya ku Hungary ndi Slovenia. Kabukuka kakuyankha zimene munthu woganiza zolowa nawo pa ulendo wotere amayamba kufunsa.

N'chifukwa chiyani maiko awiriwa amawaika pa ulendo umodzi?

Ndi oyandikana, ndipo akhala akudyera mbale imodzi kwa zaka mazana ambiri. Mpaka mu 1918 onse anali pansi pa mafumu a banja la Habsburg. Koma polankhula ndi otalikirana kwambiri. Chihangare sichifanana ndi chilankhulo cha dziko lililonse loyandikana nalo, abale ake apatali ndi zilankhulo za ku Finland ndi Estonia. Chisiloveniya chili m'banja limodzi ndi zilankhulo za ku Croatia ndi Serbia. Munthu wa ku Budapest pothokoza amati köszönöm, wa ku Ljubljana amati hvala.

Dziko lenilenilo likusiyananso. Hungary ndi wa zigwa zazikulu, mtsinje wa Danube ndi nyanja ya Balaton. Slovenia, amene anapeza ufulu mu 1991 atachoka mu Yugoslavia, ali ndi anthu ongopitirira pang'ono 2 miliyoni, koma m'kadziko kakang'onoko muli mapiri a Alps, mapanga, nkhalango ndi gombe la nyanja yamchere losakwana makilomita 50. Kuchoka ku Budapest kufika ku Ljubljana pa msewu ndi maola asanu kapena kucheperapo.

Bwanji osangoyenda pandekha?

Mukhoza, makamaka ngati mukungofuna mizinda ikuluikulu. Koma vinyo wabwino ndi chakudya chenicheni zili kumidzi, kwa mabanja amene ali ndi munda waung'ono ndi nyumba yosungiramo vinyo yokumba pansi. Ambiri mwa iwo salandira munthu wongotulukira. Amafuna kupangana tsiku, ndipo agogo amene amadziwa mbiri ya mundawo mwina Chingerezi salankhula. Wotsogolera wabwino ndiye amagogoda pakhomo limenelo, n'kumasulira zimene mwini wake akunena.

Palinso nkhani ya chiwongolero. Ku Hungary lamulo silola woyendetsa galimoto kukhala ndi mowa m'magazi ngakhale pang'ono pokha. Amene wabwereka galimoto sangalawe kanthu tsiku lonse, pomwe wa pagulu ali ndi dalaivala wake.

Kuipa kwake kulipo ndipo sindikubisirani. Gulu likakula, kufika anthu odzaza basi yaikulu, silingalowe m'kanyumba ka mlimi, choncho amalitengera ku malo aakulu okonzedwera alendo, kumene woimba, wophika ndi wogulitsa zikumbutso onse akudikira basi yotsatira. Gulu loti lonse likwane pa tebulo limodzi lalitali ndilo ndingakulangizeni.

Goulash ndimamumva. Kodi ndi amene ndikamupeze kumeneko?

Dzina lake kwawo ndi gulyás, kutanthauza mbusa wa ng'ombe, chifukwa chinali chakudya cha abusa a m'chigwa chachikulu cha dzikolo. Ndipo ndi supu, wamsuzi wambiri, womwera supuni. Nyama ya msuzi wolimba ija, imene maiko ena amaitcha goulash, eni ake amaitcha pörkölt.

Ngati ulendo wanu uli ndi tsiku lophikira panja, imani pafupi ndi moto muone. Mphika wachitsulo wotchedwa bogrács amaupachika ndi tcheni pa zitsulo zitatu. Amayamba ndi mafuta a nkhumba ndi anyezi wambiri, kumuvundula mpaka afewe. Kenako wophika amakankhira mphika pambali, kuuchotsa pa malawi, ndipo m'pamene amathira tsabola wofiira wopera, paprika. Amatero chifukwa paprika ali ndi shuga, akapsa amawawa ndipo mphika wonse wawonongeka. Mafuta aja amasanduka psuu nthawi yomweyo, fungo n'kufika mpaka kumbuyo kwa gulu. Nyama ya ng'ombe imalowa pambuyo pake, madzi, karoti, mbatata ya kachewere, ndipo kumapeto amatsina timaufa tokanda n'kumaponyamo.

Musaope kuti mulira ndi tsabola. Paprika wambiri wophikira ndi wosawawa, ntchito yake ndi mtundu ndi fungo, ndipo wowawayo amamuika padera patebulo. Mbewuyi kwawo ndi ku America, ndipo inafika ku Hungary m'nthawi ya ulamuliro wa Aturuki, amene anagwira mzinda wa Buda kuyambira 1541 mpaka 1686. Lero amalimidwa kwambiri ku Szeged ndi ku Kalocsa. Ku Szeged komweko katswiri wa sayansi Albert Szent-Györgyi anatulutsa vitamini C wochuluka mu paprika, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 1937. Mu msika waukulu wa ku Budapest, umene unatsegulidwa mu 1897, mudzamuona atatungidwa pa ulusi, akulendewera pamwamba pa ogulitsa.

Vinyo wa ku Tokaj amatchuka ndi chiyani?

Amapangidwa ndi mphesa zimene munthu wosadziwa akanazitaya. Dera la Tokaj lili kumpoto chakum'mawa kwa Hungary, pamene mitsinje ya Bodrog ndi Tisza imakumana. Nyengo yokolola ikafika, m'mawa kumagwa chifunga chochokera m'mitsinjemo, masana dzuwa n'kuwala. Chinyontho chimabweretsa nguwi yamtundu wina pa mphesa. Nguwiyo imaboola khungu, dzuwa limaumitsa madzi, ndipo mphesa imakwinyika, kutsala shuga ndi kakomedwe kokhakokha. Mphesa zotere amazitcha aszú.

Sizikwinyika tsiku limodzi. Othyola amayenda mzere ndi mzere, kutembenuza phava lililonse, kutola imodziimodzi ndi zala, zosakwinyika kuzisiya, n'kudzabwereranso pa mpesa womwewo patapita masiku. Zala zimamata, msana umapweteka, chidebe sichidzaza msanga. Mukadzaona mtengo wa kabotolo ka theka la lita, mudzakumbukire manja amenewa. Kale ankawerenga madengu otchedwa puttony, lililonse la makilogalamu pafupifupi 25, amene athiridwa mu mgolo wa malita 136, ndiye chiyambi cha mawu oti 5 puttonyos kapena 6 puttonyos pa botolo.

Migoloyo imagona m'ngalande zokumbidwa m'thanthwe, mozizira chaka chonse, makoma ake atakutidwa ndi nguwi yakuda yofewa. Tengani juzi ngakhale kunja kukutentha. Malire a minda ya Tokaj anaikidwa ndi lamulo la mfumu mu 1737, ndipo UNESCO inalemba derali pa malo ofunika a dziko lonse mu 2002. Si vinyo yense kumeneko amene ali wotsekemera: mphesa yaikulu ya derali, Furmint, imapanganso vinyo woyera wosatsekemera amene amayenda bwino ndi nsomba.

Maulendo ambiri amaimanso ku Eger, kwawo kwa vinyo wofiira wotchedwa Bikavér, magazi a ng'ombe yamphongo. Mu 1552 asilikali ochepa otsogoleredwa ndi István Dobó anateteza linga la mzindawu kwa Aturuki, ndipo nthano imati adaniwo poona ndevu zofiira ndi vinyo anayesa kuti otetezawo akumwa magazi a ng'ombe. Nkhondoyo inachitikadi, koma za ndevuzo zilandireni ngati nthano.

Ndi gawo liti la ulendo limene ndisalole kuti alidumphe?

Malire enieniwo. Mabasi ambiri amangodutsapo pa msewu waukulu, kuthamangira ku Ljubljana ndi ku nyanja ya Bled, ndipo ine zimandipweteka, chifukwa apa ndi pamene maiko awiriwa amaonekera kuti ndi pachibale.

Chigawo cha Slovenia chotchedwa Prekmurje, kutanthauza kutsidya kwa mtsinje wa Mura, chinali mbali ya Hungary mpaka nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha. Pangano la Trianon la 1920 ndilo linatsimikiza malire atsopano. Mpaka lero ku Lendava kuli anthu olankhula Chihangare ndipo zikwangwani zili m'zilankhulo ziwiri, pomwe mbali ya Hungary, kufupi ndi Szentgotthárd, kuli midzi ya Asiloveniya. Ndiwo yotchuka ya ku Prekmurje imatchedwa bograč, dzina la mphika wa Ahangare uja, kungoti iwo amasakaniza nyama ya ng'ombe, ya nkhumba ndi ya m'tchire. Mbali zonse ziwiri amayenga mafuta a nthanga za maungu, obiriwira moderako, onunkhira ngati mtedza wokazinga, othira pa saladi. Mphesa ya Furmint ija mukaipezanso m'timapiri ta Jeruzalem, pafupi ndi Ljutomer, koma kumeneko dzina lake ndi šipon. M'minda yomweyo mudzamva chiphokoso cha klopotec, chopukusa chamatabwa choyendera mphepo chimene amaimika kuti chiziingitsa mbalame mphesa zikamapsa.

Pa nkhani ya Trianon khalani omvetsera. Hungary anataya pafupifupi magawo awiri mwa atatu a dziko lake, ndipo kwa ambiri bala limeneli silinapole.

Musachoke musanadye prekmurska gibanica, keke yosanjikiza tchizi wofewa, maapozi, mtedza wa walnut ndi njere za poppy. Chidutswa chimodzi chimakwanira anthu awiri.

Nanga mbali ina ya Slovenia ili ndi chiyani?

Ku Maribor, pa khoma la nyumba ina m'mbali mwa mtsinje wa Drava, pali mpesa wa zaka zoposa 400 umene ukubalabe. Ku Ljubljana msika wa m'mbali mwa mtsinje ndi milatho itatu yogundana ndi ntchito ya mmisiri Jože Plečnik, ndipo m'miyezi yofunda Lachisanu lililonse ophika amakhazika mbaula zawo pabwalo, pa msika wotchedwa Odprta kuhna. Ku Bled mudzakwera bwato lopalasa munthu ataimirira, pletna, kupita pa kachilumba ka tchalitchi, kenako mudzadya kremšnita, keke ya kirimu imene imaphikidwa kumeneko kuyambira 1953.

Mukatsikira kumadzulo chakumwera, chakudya chimayamba kufanana ndi cha ku Italy. Ku dera la miyala la Kras kumaomba mphepo yamphamvu yozizira yotchedwa burja, imene imaumitsa miyendo ya nkhumba yothira mchere, pršut. Amaidya yodula mopyapyala ndi teran, vinyo wofiira wowawasa wa m'dothi la katondo. Ku Goriška Brda, kumalire ndi Italy, mphesa yawo ndi rebula. Kumeneku mudzakumananso ndi polenta, ya ufa wa chimanga chachikasu, ndipo wokulira pa nsima adzaizindikira asanauzidwe.

Vinyo ali m'kati mwenimweni mwa mtundu. Nyimbo ya fuko la Slovenia inatengedwa mu ndakatulo ya France Prešeren yotchedwa Zdravljica, dzina lotanthauza mawu ofunirana zabwino pokweza matambula. Nayo nyimbo ya fuko la Hungary imatchula mphesa za ku Tokaj.

Sindimwa mowa, kapena sindidya nkhumba. Ulendowu ungandiyenere?

Ungakuyenereni, koma nenani polembetsa, osati mbale itafika kale. Safunsa anadya phula. Mafuta a nkhumba amabisala mu supu, mu nyemba, ngakhale mu makeke ena, choncho kungopewa nyama yooneka sikokwanira. Zosankha zilipo: halászlé, supu wa nsomba wa paprika, nkhuku yophika ndi paprika ndi kirimu wowawasa, mutafunsa mafuta amene aphikira, lángos, chitumbuwa chachikulu chopakidwa adyo.

Wosamwa apemphe madzi a mphesa kapena a maapozi. Alendo akafika pakhomo ku Hungary kawirikawiri amalandiridwa ndi pálinka, mowa wotcheza kuchokera ku zipatso, waukali ngati kachasu. Kukana mwaulemu si mlandu. Ndipo Slovenia ali ndi china cholawa: uchi. Ulimi wa njuchi ndi chonyadira cha dzikolo, ndipo ndilo linapempha bungwe la United Nations kuti 20 Meyi likhale tsiku la njuchi padziko lonse, pokumbukira mphunzitsi wa ulimiwu Anton Janša, wobadwa mu 1734. Pemphani kuti mukaone ming'oma yojambulidwa zithunzi kumaso kwake.

Nyengo yabwino ndi iti?

Seputembala ndi Okutobala, pokolola mphesa. Meyi ndi Juni ndi yabwinonso, koma Julayi ndi Ogasiti kumatentha ndipo Bled amadzaza. Wopirira chisanu apite pa 11 Novembala, tsiku la Martin Woyera, amene anabadwira ku Savaria, lero Szombathely, ku Hungary. Maiko onse awiri amadya tsekwe tsikulo ndi kulawa vinyo watsopano.

Zikalata ndi ndalama?

Maiko onsewa ali m'chigawo cha Schengen, choncho visa imodzi imakwanira. Wa pasipoti ya Malawi kapena Zambia ayenera kukhala nayo, ngakhale akhale ku Britain, ndipo amaipempha kudzera ku dziko limene akakhaleko masiku ambiri. Pamafunikanso inshuwalansi ya zachipatala yosachepera ma euro 30,000. Pasipoti muziyenda nayo pamalire, apolisi amaimitsa basi nthawi zina. Slovenia amagwiritsa ntchito euro kuyambira 2007, Hungary akadali ndi forint.

Ndiifunse chiyani kampani ndisanalipire?

Funsani kuti gulu lidzakhala la anthu angati, ndiponso kuti mudzagona masiku angati kunja kwa Budapest ndi Ljubljana. Funsani ngati wotsogolera amalankhula Chihangare kapena Chisiloveniya, kapena ngati dera lililonse lili ndi wake. Mtengowo ukuphatikiza chakudya chanji, zolawa zingati, nanga ndege? Ndondomeko ikalonjeza malo atatu kapena anayi olawira vinyo tsiku limodzi, dziwani kuti pofika pa malo achitatuwo lilime lidzakhala litatopa ndipo simudzamva kusiyana. Awiri ndi okwanira, ndi chakudya chamasana pakati. Pemphaninso kuti pakhale tsiku limodzi lopanda ndondomeko ku Budapest, mukaviike thupi m'madzi otentha a kasupe ku Széchenyi, malo osambira amene anatsegulidwa mu 1913, kapena ku Rudas, pansi pa denga lozungulira limene anamanga Aturuki.