Makhoti a ku United States sali pamodzi

Anzanga amene mukudikira kusamukira ku United States, tiyeni tiphunzire za makhoti a kumeneko. Ine poyamba ndinkaganiza kuti khoti ndi khoti basi.

Dzikolo lili ndi zigawo 50, chilichonse ndi makhoti akeake. Milandu yambiri, monga yakuba, ya ukwati ndi ya pamsewu, imathera kumeneko. Makhoti a boma lalikulu amazenga milandu yokhudza malamulo a dziko lonse. Mlandu wotere umayambira ku limodzi la makhoti 94 apansi. Wosakhutira ndi chigamulo amakachita apilo ku limodzi la makhoti 13 apamwamba. Pamwamba penipeni pali Supreme Court ku Washington, ya oweruza 9. Iwo amasankha okha milandu yoti amve, ndipo pachaka sifika 100.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti khoti loona za anthu olowa m'dziko silili pa mndandanda umenewu, lili pansi pa unduna wa zachilungamo. Pa mlandu woti ungakulowetseni m'ndende, boma limakupatsani loya ngati mulibe ndalama. Koma ku khoti ili loya mumadzipezera nokha, ndipo mukajomba pa tsiku la mlandu, woweruza angathe kulamula inu kulibe kuti muchotsedwe m'dzikomo.