Matenda a Maso a Nkhuku: Phunziro la Ulimi m'Sukulu za kwa Khwethemule

Mau Oyamba

Mphunzitsi amene watumizidwa kukagwira ntchito m'dera la Mfumu Khwethemule, m'boma la Thyolo, amazindikira msanga kuti malo olima ndi ochepa, pakuti gawo lalikulu la nthaka yabwino ya bomali lili m'minda ya tiyi. Mabanja ambiri sangathe kuŵeta ng'ombe, koma nkhuku zimapezeka pafupifupi pakhomo paliponse. Pamene malipiro a ku esiteti atha mwezi usanathe, nkhuku ndiyo imagulitsidwa kuti mwana apeze kope, sopo kapena yunifolomu. Motero nkhuku ikachita khungu ndi kufa, banja limataya chuma chimene likanadalira pa tsiku la mavuto.

Mfundo ya phunziro lino ndi imodzi: diso lotupa kapena lotsekeka ndi chizindikiro chabe, ndipo matenda amene angachititse zimenezi ndi ambiri. Ntchito yanu, inu aphunzitsi a maŵa, ndiyo kuzoloŵeza ana kuyang'anitsitsa ndi kufunafuna gwero la vuto asanaganize za mankhwala. Phunziroli likuyenera ana a Sitandade 6 kapena 7, ndipo lingagaŵidwe m'zigawo zitatu.

Zolinga

Pomaliza pa phunziroli ana athe:

1. kufotokoza maonekedwe a diso la nkhuku yamoyo wabwino;
2. kusiyanitsa zinthu zosachepera zinayi zimene zimaononga maso a nkhuku;
3. kulemba mwadongosolo zimene aona pa nkhuku za kwawo;
4. kutchula zoyenera ndi zosayenera kuchita nkhuku ikadwala maso.

Zimene Mphunzitsi Ayenera Kudziŵa

Maso a nkhuku ali m'mbali mwa mutu, kotero kuti imaona malo aakulu nthaŵi imodzi popanda kutembenuka. Ili ndi chikope chachitatu, chopyapyala, chimene chimayenda chopingasa ndi kupukuta fumbi. Nkhuku imadalira maso potola chakudya, popeza madzi ndi pothaŵa kabaŵi. Chifukwa cha ichi nkhuku zambiri zimene maso onse aŵiri atsekeka zimafa ndi njala ndi ludzu, ngakhale matendawo akanatha kupola.

*Nthomba ya nkhuku.* Imayamba ndi kachilombo ka mtundu wa vairasi, kamene kamafalitsidwa ndi udzudzu ndiponso pamene nkhuku zijomphana. Motero imachuluka m'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala kufikira Epulo. Tizilonda timatuluka pa lipombo, pa zikope ndi m'mbali mwa mlomo, kenaka timauma ndi kusanduka nkhanambo zakuda zimene zimamata diso. Diso lenilenilo kaŵirikaŵiri limakhala lili bwino kunsi kwa nkhanambozo. Mankhwala opha kachilomboka palibe, koma nkhuku yodyetsedwa bwino imachira patapita milungu ingapo. Katemera wake alipo, ndipo amabayidwa pa kachikopa ka phiko.

*Chimfine cha nkhuku.* Madokotala a ziŵeto amachitchula coryza, ndipo chimayamba ndi mabakiteriya. Nkhope imatupa kunsi kwa diso, nkhuku imayetsemula, ndipo m'mphuno mumatuluka mamina onunkha. Chimafala msanga pamene nkhuku zithithikana m'khola lachinyezi, monga zimachitikira m'miyezi ya chiperoni. Mankhwala opha mabakiteriya amathandiza, koma nkhuku yochira imasungabe tizilomboto ndipo ingathe kupatsira zinzake.

*Kupereŵera kwa vitamini A.* Chimanga choyera ndi madeya ake zilibe vitamini ameneyu. Nkhuku yoyenda yokha imampeza m'masamba obiriŵira, koma yotsekeredwa masiku ambiri pofuna kuteteza mbeu za m'munda, n'kumapatsidwa madeya okhaokha, imayamba kutuluka misozi. Pambuyo pake m'diso mumaunjikana zinthu zoyera zouma ngati mafinya ogwirana. Vutoli silipatsirana, ndipo limabwera pang'onopang'ono.

*Mpweya woipa wa m'khola.* Zitosi zonyoŵa zimatulutsa mpweya wotchedwa amoniya, umene umapsereza khungu loonekera la pamwamba pa diso. Utsi wa m'khitchini, m'mene mabanja ena amagoneka nkhuku poopa akuba, nawonso umaŵaŵitsa maso. Muyeso wake ndi wapafupi: ngati munthu aŵerama m'khola ndipo maso ake alasa, ndiye kuti nkhuku zikuvutika koposa, popeza zimagona usiku wonse pafupi ndi zitosizo.

*Utitiri ndi nyongolotsi.* Pali utitiri wina umene umamatirira mozungulira diso ndi pa lipombo ngati timadontho takuda, ndipo umafooketsa anapiye kwambiri. Palinso nyongolotsi yopyapyala, yoyera, imene imakhala kunsi kwa chikope chachitatu. Nkhuku imaitenga ikadya mphemvu yokhala ndi mphutsi zake, ndipo imadzikanda m'maso kufikira kudzivulaza.

*Matenda a Marek.* Adatchedwa ndi dzina la József Marek, dokotala wa ziŵeto wa ku Hungary amene adaŵafotokoza m'chaka cha 1907. Diso silitupa, koma mbali yozungulira kamwana ka diso imatuŵa, ndipo kamwanako kamasiya kukhala kozungulira bwino. Nthaŵi zambiri miyendo kapena mapiko zimapuwala. Matendaŵa sachizika, anapiye amatetezedwa ndi katemera amene amapatsidwa ali ndi tsiku limodzi.

*Chitopa.* Matendaŵa, amene ena amati chideru, adadziŵika koyamba m'chaka cha 1926 pa chilumba cha Java ndi ku Newcastle m'dziko la England. Nawo angatupitse maso, koma chizindikiro chawo chachikulu ndi imfa ya nkhuku zambiri m'masiku ochepa, zitosi zobiriŵira ndi kupindika kwa khosi. Katemera wa I-2, amene amapirira kutentha kuposa akatemera ena, amaperekedwa mwa kudonthezera dontho limodzi m'diso la nkhuku yosadwala, miyezi 4 iliyonse. Mwana angafunse ngati dontho limeneli ndi mankhwala a maso. Muuzeni kuti diso ndi khomo chabe lopitira katemera m'thupi, ndipo kuti katemerayu amateteza ku chitopa chokha.

Kaphunzitsidwe

*Gawo loyamba: kuyang'ana nkhuku yamoyo wabwino.* Bweretsani nkhuku imodzi yosadwala m'dengu, ndipo tulukani ndi ana pabwalo. Musalole kuti mwana aliyense abweretse nkhuku yodwala ku sukulu, chifukwa matenda angafalikire ku nkhuku za sukulu ndi za m'makomo oyandikana nayo. Gaŵani ana m'magulu a anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi. Gulu lililonse liyang'ane mtundu wa diso, kuŵala kwake, zikope ndi mphuno, kenaka lijambule mutu wa nkhuku ndi kulemba maina a ziŵalo. Mwazani timbeu pansi kuti ana aone m'mene nkhuku imajomphera mosaphonya. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, musafulumire kuŵauza yankho, koma funsani kuti, "Mwaona chiyani?" ndipo dikirani.

Funsaninso ana maina amene makolo awo amatchulira matenda a maso a nkhuku. Kwa Khwethemule mudzapeza ana a m'mabanja a Chilomwe ndi a Chimang'anja, ndipo dzina limodzi lingatanthauze matenda aŵiri kapena atatu. Lembani maina onse pa bolodi popanda kunyoza lililonse.

*Gawo lachiŵiri: kafukufuku wa kunyumba.* Mwana aliyense alembe mafunso aŵa m'kope lake, ndipo akaŵayankhe kwa mlungu umodzi, poyang'ana chabe, atapempha chilolezo kwa makolo:

1. Pakhomo pali nkhuku zingati, ndipo zodwala maso ndi zingati?
2. Ladwala ndi diso limodzi kapena onse aŵiri?
3. Pali nkhanambo, mafinya, misozi kapena timadontho takuda?
4. Nkhuku ikuyetsemula kapena ikutsimphina?
5. Nkhuku zimagona kuti, ndipo zimadya chiyani?
6. Kodi pakhomo pabwera nkhuku yachilendo posachedwa?

Mwana amene kwawo kulibe nkhuku agwire ntchito ndi mnzake wokhala naye pafupi, kuti asachite manyazi.

*Gawo lachitatu: kusanthula zimene zapezeka.* Jambulani mizere pa bolodi ndi kuika pamodzi mayankho ofanana. Apa ndi pamene mungaphunzitse kaganizidwe. Diso limodzi lodwala pa nkhuku imodzi, makamaka tambala, limaloza ku bala la ndeu. Nkhuku zambiri zodwala mlungu umodzi, pakhomo patangofika nkhuku ya ku msika, zimaloza ku matenda opatsirana. Nkhuku zotsekeredwa zimene zikudwala pang'onopang'ono zimatikumbutsa za chakudya ndi ukhondo wa khola. Masamu angaloŵenso: ngati mwa nkhuku 40 zimene gulu laŵerenga 8 ndi zodwala, ana apeze gawo la zodwalazo pa 100 iliyonse. Akumbutseni kuti zizindikiro zina zimafanana, ndipo wopereka chigamulo chotsiriza ndi mlangizi wa ziŵeto. Ngati n'kotheka, muitaneni mlangiziyo kudzera kwa mphunzitsi wamkulu kuti adzayankhe mafunso a ana.

Uthenga Wopita Nawo Kunyumba

Nkhuku yodwala ipatulidwe pa zinzake, ndipo chakudya ndi madzi ziikidwe pafupi, pa malo amodzimodzi tsiku lililonse, kuti izitha kuzipeza ngakhale isakuona. Diso litsukidwe ndi kansalu koyera konyikidwa m'madzi oŵiritsa ndi kuziziritsa, osakaniza ndi kasupuni kamodzi kosadzaza ka mchere pa theka la lita. Nkhanambo za nthomba zisamatulidwe mokakamiza. Utitiri wa m'mbali mwa diso upakidwe mafuta a Vaseline, amene amautsamwitsa. Palafini, tsabola, madzi a mandimu ndi makala a m'mabatire zisaikidwe m'diso, chifukwa zimaononga diso limene likanachira. Khola lisesedwe kaŵirikaŵiri, likhale louma ndi lopita mphepo, ndipo nkhuku zotsekeredwa zipatsidwe nkhwani, bonongwe, kholoŵa, maungu kapena mbatata yofiira m'kati. Nkhuku yogulidwa kumene ikhale payokha masiku 14 isanasakanizidwe ndi zinzake.

Chenjezo

Ana asambe m'manja ndi sopo nthaŵi zonse akagwira nkhuku. Nthomba ya nkhuku siigwira munthu, koma kachilombo ka chitopa kangathe kufiiritsa maso a munthu kwa masiku angapo. Nkhuku zikamafa zambiri mwadzidzidzi, ana asazigwire kapena kuzinyamula. Makolo adziŵitse mlangizi wa ziŵeto mwamsanga, ndipo zakufazo zikwiriridwe mozama kapena kutenthedwa. Pomaliza, samalani kalankhulidwe kanu. Mwana asapite kunyumba kukanyoza makolo ake kuti ndi osadziŵa. Mphunzitseni kufotokoza mwaulemu zimene waona ndi zimene walemba.

Mafunso Okambirana pa Koleji

1. Kodi mungasinthe bwanji phunziroli ngati m'kalasi muli ana oposa 100?
2. Mungayankhe chiyani kholo limene likukhulupirira kuti nkhuku zake zalodzedwa?
3. Kupereŵera kwa vitamini A kumaononganso maso a ana. Konzani phunziro lalifupi la zaumoyo lotsatira lino.

Mau Otsiriza

Mukapita kukayesera kuphunzitsa, yesani phunziroli ndipo sungani makope angapo a ana. Poŵachonga, musayang'ane kwambiri ngati mwana waloŵeza maina onse a matenda. Yang'anani ngati walemba zimene adaonadi ndi maso ake, ndiponso ngati watha kupereka chifukwa cha ganizo lake. Mwana wotere adzatha kupulumutsa nkhuku za pakhomo pawo, ndipo luso lomwelo lidzamthandiza pa phunziro lililonse la sayansi limene adzakumana nalo m'tsogolo.