Msika wa Okshoni wa Ng'ombe ndi Nkhosa

Ng'ombe yaikazi ikhala ndi bere miyezi 9 isanabale thole, ndipo tholelo lifuna zaka zitatu kapena zinayi kuti lifike pa msinkhu wogulitsa. Masiku onsewo mnyamata wobusa adzuka m'mamawa, natsegula khola, napita nazo ng'ombe kudambo. Mvula imnyowetsa, dzuwa limtentha, minga imlasa. Nkhosa ifulumira koposa ng'ombe, pakuti ibala itapita miyezi 5, koma nayonso ifuna mbusa woitchinjiriza kwa afisi ndi agalu. Tsono ntchito yonseyi ya zaka zambiri isanduka ndalama pa tsiku limodzi lokha, ndilo tsiku la malonda. Mwini ziweto akalakwa tsiku limenelo, thukuta la banja lonse lidyedwa ndi munthu wina. Chifukwa chache ana a m'midzi ayenera kudziwa mayendedwe a msika wa ziweto.

Njira Ziwiri za Malonda

Njira yoyamba ndiyo yodziwika m'mudzi uliwonse. Wogula afika pakhola, nayang'ana ng'ombe, natchula mtengo wochepa. Mwini atchula wochuluka, ndipo anenerera kufikira atagwirizana. Choipa cha njira imeneyi ndi ichi: wogula ayenda m'misika yambiri, nadziwa mitengo yonse, pamene mwini agulitsa kamodzi pa chaka kapena pa zaka ziwiri, ndipo alibe pofanizira.

Njira yachiwiri itchedwa okshoni. Pamenepo ogula ambiri asonkhana pa malo amodzi, napikisana poyera, ndipo chiweto chipita kwa iye amene watchula mtengo woposa onse. Alimi a fodya a m'Malawi aidziwa njirayi, pakuti fodya anayamba kugulitsidwa pa okshoni ku Limbe m'chaka cha 1938. Pa ziweto lamulo lache ndi lomwelo: pa malonda a pakhola wogula atsitsa mtengo, koma pa okshoni ogula okha aukweza.

Tsiku la Okshoni

M'mawa eni ziweto afika nazo, ndipo mlembi alemba dzina la mwini ndi chiwerengero cha ziweto zache. Chiweto chilichonse, kapena kagulu ka nkhosa zofanana, kalandira nambala, nikalowetsedwa m'khola lachelache. Ogula ayendayenda m'makolamo asanayambe malonda, nayang'ana maso, mano ndi miyendo ya ziwetozo.

Nthawi itakwana, ng'ombe ipita pa sikelo, nilowa m'bwalo lozingidwa ndi mpanda. Wotsatsa malonda aima pamalo okwera, nyundo yaing'ono ili m'dzanja lache. Iye atchula mtengo woyambira, ndipo wofuna kugula akweza chala kapena agwedeza mutu. Wina akwezanso, ndipo mtengo ukwerakwera. Onse akaleka, wotsatsa afunsa kotsiriza, namenya nyundo pagome. Nyundo ikalira malonda atha. Wogula sangathe kukananso, ndipo mwini sangathe kubweza chiweto chache. Zonsezi zichitika msanga ndithu, kawirikawiri mphindi imodzi isanathe.

Mwini wanzeru auza wotsatsa malonda asanayambe kuti, "Mtengo ukapanda kufika pakuti, musaigulitse." Ogula akalephera kufikapo, chiwetocho chibwerera kwao. Pa ndalama za chiweto chogulidwa, eni msika achotsapo gawo laling'ono, ndilo malipiro a ntchito yao.

Misika ya ku Scotland

Dziko la Scotland, kumene kunachokera David Livingstone ndi amishoni a ku Blantyre ndi ku Livingstonia, lili ndi mapiri ambiri osalimika, koma abwino kudyetsako ng'ombe ndi nkhosa. Kale kusanabwere njanji, abusa a kumeneko anali kuyenda ndi ng'ombe pansi masabata ambiri, nagona kuthengo, kupita nazo ku msika waukulu wa ku Crieff. Cha m'ma 1770 msika wa ku Falkirk unaposa wa ku Crieff, ndipo unali kuchitika katatu pa chaka, m'miyezi ya Ogasiti, Sepitembala ndi Okutobala. Ng'ombe za pa chisumbu cha Skye zinali kusambira pa mpata wa nyanja kuti zifike kumtunda. M'misika imeneyo anthu anali kunenerera awiriawiri, monga achita pakhola. Koma njanji itafalikira, misika ya okshoni inamangidwa m'matauni pafupi ndi masiteshoni, ndipo cha m'ma 1900 msika wakale wa ku Falkirk unali utazilala.

Ziweto za mtundu wosankhika azitsatsa kumeneko ndi ndalama yotchedwa guinea. Guinea imodzi inali masheleni 21, ndiyo paundi imodzi ndi sheleni imodzi. Mwambo wakale unali wakuti mwini alandire paundi, ndipo wotsatsa atenge sheleniyo. Masheleni analeka kugwira ntchito yowerengera ndalama ku Britain m'chaka cha 1971, chaka chomwecho chimene Malawi anayamba kugwiritsa kwacha ndi tambala. Koma dzina la guinea linatsala m'misika ya ziweto. Kulinso mwambo wakuti wogulitsa abwezere wogula kandalama kakang'ono ka mwayi, monga mayi wogulitsa nyemba awonjezera pang'ono pamwamba pa mbale.

M'mwezi wa Ogasiti, chaka cha 2020, pa msika wa ku Lanark, m'dera lomwelo muli mudzi wa Blantyre kumene Livingstone anabadwira m'chaka cha 1813, mwanawankhosa wamphongo wa mtundu wa Texel anagulidwa ndi ma guinea 350,000, ndiwo mapaundi 367,500. Alimi atatu anasonkherana ndalamazo. Nkhosa wamba yakupha inali kugulidwa masiku amenewo ndi mapaundi ngati 100. Nanga kusiyana kotereku kunachokera kuti? Alimiwo sanagule nyama yakudya, koma mbewu. Anayembekeza kuti ana ambiri obadwa mwa nkhosayo adzafanana ndi atate wao. Phunziro lache ndi ili: mphongo yabwino ikonza khola lonse, ndipo mwini wogulitsa nkhunzi yache yabwino ndi kusunga yonyozeka adzichepetsera yekha chuma cha m'tsogolo.

Zokweza ndi Zotsitsa Mtengo

Choyamba ndicho kunenepa. Wogulitsa nyama poyang'ana ng'ombe yamoyo awerengera nyama imene adzapeza. Chikopa, mutu, ziboda, magazi ndi zam'mimba zikachotsedwa, chotsala chili ngati theka la kulemera kwa ng'ombe yonse. Ng'ombe ya makilogalamu 300 ipatsa nyama ndi mafupa za makilogalamu ngati 150, koma yowonda ipatsa zochepa koposa.

Chachiwiri ndicho msinkhu, ndipo mboni yache ndiwo mano. Ng'ombe ndi nkhosa zilibe mano akutsogolo m'nsagwada ya kumwamba. Kunsi kokha zili nao 8. Mano a ubwana ndi aang'ono, ndipo aguluka awiriawiri, akulu namera m'malo mwao. Ng'ombe imera awiri oyamba akulu ili ndi zaka ngati ziwiri, ndipo onse 8 akwanira pa zaka zinayi kapena zisanu. Nkhosa imera awiri oyamba itangopitirira chaka chimodzi. Mano operepeseka kapena oguluka aonetsa ukalamba. Mwini angathe kunama za zaka za chiweto chache, koma wogula atsegula kukamwa naona yekha.

Chachitatu ndicho nyengo. Ziweto zikachuluka pamsika ndi ogula nkuchepa, mtengo utsika. Zikachepa ndi ogula nkuchuluka, ukwera. Ku mapiri a Scotland anaankhosa abadwa cha mu Epulo, ndipo alimi awagulitsa kuyambira Ogasiti, chisanu chisanaphe msipu. Ku Lairg nkhosa zikwi zambiri zigulitsidwa pa tsiku limodzi. M'Malawi ng'ombe zinenepa mvula itatha, cha mu Epulo ndi Meyi, ndipo ziwonda mu Okutobala ndi Novembala, msipu utauma ndi kupsa. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikatha, anthu ambiri agulitsa ziweto nthawi imodzi kuti agule chimanga. Pamenepo mtengo wa ziweto ugwa pamene wa chimanga ukwera, ndipo wosauka aluza kawiri. Koma pa Khrisimasi, ndi pa chikondwerero chimene Asilamu apereka nsembe ya nyama, ogula achuluka.

Chinyengo ndi Matenda

Okshoni ikhala yolungama pokhapo anthu ache ali olungama. Nthawi zina ogula apangana mseri kuti asapikisane, ndipo mmodzi agula motchipa, nagawana phindu pambuyo pache. Ku Britain lamulo loletsa mapangano otere linakhazikitsidwa m'chaka cha 1927. Nthawi zina mwini atuma mnzache kukweza chala mwachiphamaso, kuti ogula enieni alipire zambiri. Wina amwetsa ng'ombe madzi ambiri isanakwere pa sikelo. Wina abisa nthenda. Zonsezi ndi kuba, ngakhale palibe wothyola nyumba. Ndipo wonyenga adzipweteka yekha, pakuti ogula akumbukira dzina lache, ndipo chaka chamawa ziweto zache zikalowa m'bwalo, zala sizikwera.

Choopsa china ndicho matenda, pakuti pamsika ziweto za m'makola ambiri zikhudzana, nizibalalikanso kumka kutali. M'mwezi wa Febuluwale, chaka cha 2001, nthenda ya zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi inapezeka ku Britain. Nkhosa zodwala zinali zitapita kale pa misika ya ku Hexham ndi ku Longtown anthu asanazindikire, ndipo nthendayo inafalikira m'madera ambiri. Misika inatsekedwa, ndipo ziweto zoposa 6 miliyoni zinaphedwa. Nthenda yomweyo yagwa kangapo ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndipo ikagwa, Boma liletsa kuyendetsa ndi kugulitsa ziweto. Ndicho chifukwa chache wopita ndi ng'ombe kutali ayenera kutenga kalata ya chilolezo kwa alangizi a ziweto. Wozemba nazo usiku angathe kupha makola a anansi ache onse.

Atate ndi Mwana

M'mudzi wina munali munthu amene anali ndi ng'ombe zisanu ndi ziwiri. Chaka china mvula inadula chimanga chisanakhwime, ndipo pokolola anaona kuti nkhokwe siidzafika Khrisimasi. Mwana wache wa pasukulu, amenenso anali mbusa wa ng'ombezo, anati, "Atate, bwanji tigulitse ng'ombe yofula ija tsopano, ikali yonenepa, ndi kugula chimanga chikali chotsika mtengo?"

Atate wache anayankha nati, "Mwananga, ng'ombe sagulitsa nkhokwe ili ndi chakudya. Anthu adzati chiyani?"

Mwanayo anati, "Atate, mu Febuluwale aliyense adzakhala akugulitsa, ndipo ogula adzadziwa kuti tili ndi njala."

Munthuyo anakhala chete, pakuti anakumbukira chaka china cha njala, pamene anapereka ng'ombe yaikulu kwa wamalonda woyendayenda, nalandira ndalama zosakwanira kudyetsa banja miyezi iwiri. Tsono anapita kukafunsa kwa mlangizi wa ziweto ndi kwa anthu amene anagulitsa posachedwa, pakuti akulu anati safunsa anadya phula. Atadziwa mtengo woyenera, anatenga chilolezo, nanyamuka ndi mwana wache dzulo lache la msika, nayendetsa ng'ombe pang'onopang'ono kuti isatope.

M'bwalo ogula awiri analeka msanga, mtengo usanafike pamene iye anaikira malire. Mtima wache unagunda, pakuti anaganiza za ulendo wobwerera nayo. Koma wachitatu ndi wachinayi anapikisanabe, ndipo nyundo inalira mtengo utapitirira malirewo pang'ono. Anawerenga ndalama kawiri pamaso pa mlembi, nasunga lisiti, ndipo sanapatukire kumowa. Chimanga chimene anagula sabata lomwelo chinawafikitsa ku zokolola zatsopano. Pobwerera mwanayo analira, pakuti ng'ombeyo anaibusa kuyambira ili thole. Koma zisanu ndi imodzi zinatsala m'khola, ndipo palibe ina imene inagulitsidwa chaka chimenecho.

Mafunso

1. Kodi malonda a pakhola asiyana bwanji ndi malonda a pa okshoni?
2. Kodi chitanthauzanji nyundo ikalira?
3. Fotokozani m'mene wogula adziwira zaka za ng'ombe.
4. Chifukwa ninji mtengo wa ziweto utsika m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale?
5. Nkhosa yagulidwa ndi ma guinea 20. Mwa mwambo wakale, mwini alandira mapaundi angati, ndipo wotsatsa alandira masheleni angati?
6. Ng'ombe ilemera makilogalamu 280. Kodi wogulitsa nyama ayembekeza makilogalamu angati itaphedwa?
7. Tchulani njira zitatu za chinyengo pamsika, ndi kunena amene apwetekedwa ndi njira iliyonse.