“Eya” wa kwa Kaduya mumzinda wa Besançon

Mwana wa mchemwali wanga tinamulera monga timalerera atsikana kwathu kwa Kaduya. Polankhula ndi wamkulu ankagwada, maso pansi, ndipo akauzidwa kanthu ankangoti “eya”. Ine malume ake ndinkanyadira anthu akamati mwanayu ndi wosunga mwambo. Ataphunzira Chifalansa ku Chancellor College ku Zomba, anapeza mwayi wokanola chinenerocho kwa chaka chimodzi ku Besançon, kum'mawa kwa dziko la France, pasukulu yotchedwa CLA. Sukuluyi inakhazikitsidwa mu 1958 ndipo aphunzitsi a Chifalansa ambiri a mu Africa anadutsirapo. Tsiku lomuperekeza ndinamupatsa malangizo amodzi okha: “Kumeneko ukakhala m'nyumba ya eni. Usakavutitse anthu.” Lero ndikanakonda ndikanameza mawu amenewo.

Anafika kumayambiriro kwa September. Banja lomulandira linali la mayi wachikulire ndi mwamuna wake, ana awo onse atakula n'kuchoka. Pakhomo pomwepo mayiyo anamupsompsona masaya onse awiri n'kumuuza kuti azimutchula dzina lake lenileni, azimunenanso kuti “tu”, ndiye kuti “iwe”. Mwana wa ku Phalombe kunena “iwe” kwa munthu wa msinkhu wa agogo ake! Lilime linakana. Posafuna kulakwitsa, anasankha kusawaitana n'komwe.

Zachakudya ndizo zinamupweteka msanga. Mgonero kumeneko amadya cha m'ma 8 koloko usiku, ndipo chakudya sichibwera pamodzi ngati nsima ndi ndiwo. Chimabwera m'magawo: koyamba msuzi kapena masamba osaphika, kenako nyama kapena nsomba, kenako tchizi cha komweko chotchedwa Comté. Mayi uja akamusendezera mbale, mtsikana wathu ankakweza manja pang'ono mwaulemu n'kunena kuti “merci”, poganiza kuti ndi “zikomo” wathu wolandirira. Koma Mfalansa ukamuyankha “merci” wopanda “oui”, makamaka dzanja lili m'mwamba, amamva kuti wakana. Mbale inkabwerera. Kwathu mlendo akakana timamukakamiza kawiri katatu, mwinanso kumukalipira kuti adye. Iwo kukakamiza munthu amakuona ngati kumulanda ufulu. Choncho mayiyo anayamba kuphika pang'ono, akuganiza kuti mlendo wake ndi wodya mochepa, ndipo mlendoyo ankakagona ndi chidutswa cha buledi m'mimba. Furiji anali atamuuza kuti azitsegula yekha. Koma ndani wa kwathu angavundukule mphika wa eni?

Atazindikira cholakwa chake, anapitirira mbali ina: china chilichonse “oui”. Chifalansa cha m'kalasi ku Zomba, chimene mphunzitsi amachitchula pang'onopang'ono, n'chosiyana ndi cha patebulo pamene anthu awiri okwatirana zaka zambiri akudulana mawu pakamwa. Pa mawu khumi ankagwirapo atatu. Akamufunsa ngati wamva, ankamwetulira n'kuvomera. Akatha kudya ankathamangira kuchipinda n'kutseka chitseko kuti asawasowetse mtendere eni nyumba, iwo n'kumaganiza kuti mwanayu sakuwafuna. Pafoni tikamufunsa, yankho linali lomwelo: “Ndili bwino, amalume, anthu ake ndi abwino.” Abwino analidi. Ine ndinkauza abale kumudzi kuti mwana wazolowera.

Pakati pa ma “oui” amenewo panali awiri amene sanayenere kuperekedwa mwaulemu chabe. Wophunzira wolowa m'dziko la France ndi viza ya nthawi yaitali amayenera kuitsimikiza pa intaneti miyezi 3 isanathe chifikireni, n'kulipira kamsonkho kake. Akapanda kutero amasanduka wokhala m'dzikomo mosaloledwa, ngakhale chidindo chili m'pasipoti. Amayeneranso kulembetsa yekha ku inshuwalansi ya boma ya zaumoyo; kulembetsako n'kwaulere, koma palibe amene amakuchitira. Bambo wa m'nyumbamo anamufunsa zonse ziwiri sabata yoyamba, anamufunsanso mu October. Iye anamva mawu akuti viza, n'kuganiza kuti akumufunsa ngati ali nayo. “Oui.”

Akuluakulu amati safunsa anadya phula. Koma tisanamuseke mwanayu, tidzifunse kuti anamuphunzitsa kusafunsa ndani. Ndi kangati m'makalasi mwathu mphunzitsi amati “mwamva?” ana onse n'kuyankha “eya” atasokonezeka? Ndi kangati mwana wofunsa kawiri timamutcha wamwano kapena mbuli? Ulemu umenewu kwathu umayenda chifukwa wamkulu amadziwa kuwerenga nkhope. Amayi ake akanangomuyang'ana m'maso akanadziwa kuti “ndakhuta” ameneyu ndi wa njala. Kunja kulibe amene anaphunzira kuwerenga nkhope ya Mlomwe. Amamva mawu ako n'kuwakhulupirira momwe wawanenera.

Mu November kuzizira kunafika, dzuwa likumalowa 5 koloko isanakwane. Ife timati kuzizira tikamanena mphepo ya mu June yotsika m'phiri la Michesi, koma kuja n'kwina. Jekete imene anapita nayo, yogula pa kaunjika ku Limbe, sinkathandiza, ndipo sananene. Tsiku lina m'mawa, akupita kusukulu, anakomoka m'sitima ya mumzinda itangowoloka mtsinje wa Doubs. Kuchipatala anamupeza ndi magazi ochepa. Anamufunsa nambala ya inshuwalansi, analibe. Mayi uja atafika n'kutsegula chikwama cha mapepala, anapeza kuti viza sinatsimikizidwe ndipo kwatsala masiku osakwana 14. Anakhala pampando n'kuyamba kulira, akudzifunsa kuti mwana wa eni wakhala ndi njala miyezi yoposa iwiri m'nyumba mwake iye osadziwa bwanji.

Mapepala anawakonza usiku womwewo pakompyuta ya bambo aja. Zachipatala zinatenga miyezi kuti zilongosoke, ndipo ndalama zimene anayamba walipira zinachokera m'thumba la nandolo amene mchemwali wanga anasungira mbewu ndi fizi ya ang'ono ake. Mayeso a chigawo choyamba sanakhoze bwino.

Anandiimbira atatuluka m'chipatala. Kwa nthawi yoyamba sanayambe ndi “ndili bwino”. Anati: “Amalume, munandiuza kuti ndisakavutitse anthu.” Ndinasowa choyankha. Chapatali ndinkamva mayi uja akumuitana kudzadya, akulankhula pang'onopang'ono ngati wophunzitsa mwana kuyenda. Mtsikana wathu anachotsa foni kukhutu n'kuyankha mokweza m'Chifalansa kuti sanamve, abwerezenso. Mayiyo anabwereza.