Phazi Lamanzere Lisapupulume

Ambiri a ife tikamaliza maphunziro tidzapeza kuti ntchito zina zimafuna munthu wokhala ndi laisensi. Pa mayeso a galimoto yosintha magiya ndi dzanja, pamene pamavuta ambiri ndi ponyamuka penipeni. Galimoto ikazima kapena kudumpha ngati chule woyesa ali pambali pathu, mantha amatigwira, ndipo zolakwa zina zimatsatana.

Imazimiranji?

Injini ikalira imazungulira, pomwe matayala angoima. Klatchi ndiyo imalumikiza ziwirizi. Tikaiponda, mphamvu ya injini sifika kumatayala. Tikaisiya mwadzidzidzi, injini imasenza kulemera kwa galimoto yonse nthawi imodzi, basi n'kuzima. Choncho tiyenera kudziwa pamene klatchi imayambira kugwira. Pamenepo kulira kwa injini kumatsika pang'ono, ndipo galimoto imakhala ngati ikufuna kusuntha.

Tichite motere

1. Handibuleki ili yokoka, tiponde klatchi mpaka pansi, tilowetse giya yoyamba.
2. Tiponde moto pang'ono, phazi lamanja likhazikike pomwepo.
3. Tikweze phazi lamanzere pang'onopang'ono mpaka klatchi iyambe kugwira, kenako tiliimitse.
4. Tiyang'ane m'magalasi, tiyatse indiketa yakumanja, titembenuke kuyang'ana kuphewa lamanja. Ku Malawi timayenda kumanzere kwa msewu, choncho zobwera kumbuyo zimatidutsa kumanja, ndipo wakabaza amene wayandikira saoneka pagalasi.
5. Msewu ukakhala wabwino, titsitse handibuleki. Galimoto ikayamba kuyenda, tisunge phazi lamanzere pomwepo masekondi awiri kapena atatu, kenako tisiye klatchi yonse pang'onopang'ono.

Ambiri timalakwa pa mfundo yachisanu. Tikamva galimoto ikusuntha timaganiza kuti zatheka, n'kuchotseratu phazi. Apo m'pamene imazima.

Pachitunda

Pamafunika moto wochulukirapo, ndipo handibuleki tisaitsitse klatchi isanagwire, kuopa kubwerera m'mbuyo n'kugunda amene ali kumbuyo kwathu.

Nanga ikazima?

Tiponde buleki, tikoke handibuleki, tichotse giya, tilize injini, tiyambirenso. Tisaiwale kuyang'ananso m'magalasi ndi kuphewa, pakuti msewu sukhala momwe tinauonera poyamba. Kuzima kumachititsa manyazi chabe, koma kulowa mumsewu osayang'ana kungapweteke munthu.

Galimoto iliyonse klatchi yake imagwirira posiyana. Tisanapite kumayeso, tipemphe aphunzitsi athu atilole kuyeserera kunyamuka ndi kuima kambirimbiri pa galimoto imene tidzayesedwere, mpaka phazi lizolowere. Kuona maso a nkhono n'kudekha.