Mono wa Waya: Kutulutsa Njuchi M'nyumba Popanda Kugumula Khoma

Chaka chilichonse, mitengo ya mombo ikayamba kuphuka masamba ofiira aja, timalandira mauthenga ochokera kwa inu amene munaphunzira pano, ndipo nkhani yake imakhala imodzimodzi. Njuchi zalowa m'khoma la sukulu, kapena m'chumuni cha nyumba yakale, ndipo anthu akuti popeza inu munapita kukaphunzira zaulimi, muzichotse. Kumudzi njira zodziwika ndi ziwiri, moto ndi mankhwala opopera. Zonsezi ife sitizivomereza. Muuni umodzi wa udzu ungathe kumaliza nyumba imene anthu anaiumbira njerwa chaka chathunthu. Mankhwala nawo kawirikawiri amapha njuchi za pakhomo pokha, zotsalazo n'kukalipa koposa kale. Ndipo akapha zonse, mkatimo mumatsala ana a njuchi owola ndi uchi wapoizoni, umene ana a sukulu adzayesa kuutapa ndi kamtengo.

Ilipo njira ina, yochedwa koma yopulumutsa nyumba ndi njuchi zomwe. Aliyense amene anatcherapo mono mumtsinje amadziwa mmene umagwirira ntchito: nsomba imalowa mosavuta pakamwa potakata, koma potulukira sipaoneka. Ife timautembenuza monowo. Timaupanga ndi waya ndi kuuvundikira pakhomo la njuchi, kukamwa kwake kotakata kuli kukhoma, nsonga yopapatiza ili kunja. Njuchi yopita kumaluwa imatuluka pansonga popanda vuto. Pobwerera siifuna nsonga ija. Imalunjika pamene pakuchokera fungo la kwawo, patsinde pa mono, n'kupeza waya. Ikazungulira mpaka kutopa, imalowa mumng'oma umene tauika pambali pomwepo.

Tisanapitirire, tinene kuti si paliponse pamene njirayi ikuyenera. Ngati zisa zili kuseri kwa thabwa kapena siling'i imene mungathe kuikhomola ndi kuibwezeretsa, tsegulani, dulani zisazo, muzimangirire kumitanda ya mng'oma. Ntchito imatha tsiku limodzi ndipo mfumukazi imapulumuka. Ngati denga ndi laudzu, kapena khoma ndi lanjerwa zosapaka pulasitala lokhala ndi ming'alu yosawerengeka, mono sungathandize, chifukwa simudzatha kutseka makomo onse. Mono ndi wa malo olimba amene kuwagumula n'kutaya chuma: khoma la njerwa ziwiri lokhala ndi mphako pakati, chumuni, pansi pa simenti, kapena mtengo waukulu wa pabwalo, monga mkuyu, umene mudzi sufuna kuudula.

Chimene ambiri amalepherera ndi kuwerenga masiku. Amaganiza kuti mono ndiwo umatulutsa njuchi, ndiye akaona kuti patha sabata njuchi zikadali m'khoma, amati njirayo ndi yabodza. Mono umangotseka njira yobwerera. Chotulutsa njuchi ndi msinkhu wake. Tsiku limene mwautchera, m'khomamo muli mazira oikiridwa m'mawa womwewo. Dzira la njuchi yantchito limatenga masiku pafupifupi 21 kuti likhale njuchi yoyenda, ndipo njuchi zathu za mu Africa zimafulumirako ndi tsiku limodzi kapena awiri. Ikabadwa siipita kumaluwa nthawi yomweyo. Imayamba yagwira ntchito za m'nyumba, kuyeretsa zipinda, kudyetsa mphutsi, kuumba zisa, kwa masabata awiri kapena atatu, ngakhale kuti imatulukako pang'ono kukaphunzira malo. Onkhetsani masikuwo, muonjezerepo akuti mfumukazi imapitiriza kuikira kwa kanthawi chakudya chisanayambe kuchepa, mupeza masabata 6 kufikira 8. Mwini nyumba mumuuze chiwerengero chimenechi musanakhome msomali ndi umodzi womwe, ndipo mugwirizane pamaso pa mboni za malipiro anu ndi za mwini wake wa njuchi zimene zidzalowe mumng'oma. Mudzayenda maulendo ambiri kumaloko; muwawerengere pamtengo wanu.

Ntchito yoyamba ndi kutseka. Khalani chapatali masana dzuwa litakwera, muone pamene njuchi zikulowera ndi kutulukira. Sankhani khomo limodzi, lalikulu koposa, ndipo ena onse muwamate ndi simenti, kapena ndi dothi lokandidwa bwino lotsekera pawaya. Nsanza, mapepala ndi siponji njuchi zimazitafuna m'masiku ochepa. Musaiwale mkati mwa nyumba. Njuchi zotsekeredwa zimalondola kuwala kulikonse, ndipo kamng'alu ka pakona pa siling'i kamene palibe anakaonapo kangathe kudzaza kalasi yonse ndi njuchi m'mawa umodzi. Mutatha kumata, zisiyeni masiku awiri kapena atatu kuti zizolowere khomo limodzi lija.

Mono weniweniwo mupange ndi waya wa sefa, wonga wotchingira udzudzu m'mawindo, koma ukhale wachitsulo. Wapulasitiki umafota ndi kutseka njira. Upindeni ngati fanulo wotalika masentimita 30 kufikira 40, kukamwa kwake kotakata masentimita 15 kapena 20. Bowo la kunsonga likhale pafupifupi sentimita imodzi, loti njuchi yamphongo, imene ndi yonenepa, ipitepo. Likachepa, yamphongo imodzi imakakamira pamenepo, gulu lonse n'kutsamwa m'mbuyo mwake. Likakula, zobwerera zimaliona. Khomerani tsinde la monowo pathabwa loboola pakati, thabwalo muligwirize kukhoma, ndi kumata m'mbali monse kuti pasatsale mpata woti ngakhale kachitsotso kalowe. Nsonga iloze kunja ndi m'mwamba pang'ono.

Mng'oma wolandirira ukhale waung'ono, wa mitanda 6 kapena 8, mitanda yake ya mamilimita 32 m'lifupi monga tinaphunzirira pa ming'oma ya mtundu wa Kenya. Khomo lake liyandikire tsinde la mono, osati nsonga, chifukwa patsinde ndi pamene njuchi zosokera zimaunjikana. Thandala loikapo mng'omawo mulimange ngati loti mukhalepo inu nomwe, pakuti mng'oma wopepuka lero udzalemera pakutha mwezi. Miyendo yake muipake girizi kuti nyerere ndi linthumbu zisakwere.

Mng'oma wopanda kanthu sugwira njuchi. Ngakhale mutaupaka sera, njuchi zopanda mfumukazi ndi ana sizikhala. Zimangokangamira pawaya mpaka kufa. Chozikhazika ndi chisa chokhala ndi mazira ndi timphutsi tating'ono, chotengedwa mumng'oma wina pamodzi ndi njuchi zolera zimene zili pachisacho. Njuchi yachilendo yobwera ndi mungu kumiyendo kapena timadzi ta m'maluwa m'mimba siikanidwa pakhomo, ndipo ikamva fungo la ana imakhazikika. Pochotsa chisacho yang'anani mbali zonse ziwiri kuti mfumukazi ya mng'oma wanuwo isapite nacho. Chinyamuleni chili choimirira m'bokosi lotseka, osachiika padzuwa kapena pamphepo, ndipo musachedwe panjira.

Apa tikufuna muganizire bwino. Mfumukazi ya m'khoma kawirikawiri siituluka. Imatsala mkati ndi kagulu kochepa mpaka kufa. Njuchi za mumng'oma wolandirira zimadzilerera mfumukazi yatsopano kuchokera pa timphutsi ta pachisa chimene mwabweretsa. Ndiye kuti gulu limene mudzakhale nalo miyezi ikubwerayi silidzatengera khalidwe la njuchi za m'khoma, koma la mng'oma umene munatengako mazira, pamodzi ndi la njuchi zamphongo za m'deralo. Chotero musatenge chisa mumng'oma uliwonse umene uli pafupi. Tengani mwa njuchi zimene mumazidziwa kuti n'zofatsako, zokolola bwino, zosathawathawa. Mlimi sasankha mbewu ya chimanga pa chitsononkho chonyozeka, ndipo pano mpomwe mlimi wa njuchi amasankhira mbewu yake.

Patatha masiku 4 kapena 5 tsegulani mng'omawo madzulo, ndi utsi wochepa. Mukaona tizipinda tolendewera tooneka ngati chikhokho cha nsawa, dziwani kuti mfumukazi ikuleredwa. Mukapanda kutiona, bweretsani chisa china cha mazira. Kuchokera pa dzira mfumukazi imatenga masiku pafupifupi 16, kenaka imafuna sabata kapena kuposerapo kuti ikhwime, iuluke kukakumana ndi zamphongo, ndi kuyamba kuikira. M'nyengo imeneyi manja anu akhale kutali ndi mng'omawo. Pakatha mwezi muyenera kuona mazira atsopano, limodzi m'chipinda chilichonse. Ngati gulu la m'khoma linali lalikulu, mng'omawo ungadzaze msanga. Onjezani mitanda, kapena muuchotse usiku ndi kuikapo wina wokhala ndi chisa chakechake cha mazira.

Mono umafuna kuuona tsiku ndi tsiku sabata yoyamba, kenaka kawiri kapena katatu pa sabata. Zoyang'ana ndi ziwiri. Choyamba, nsonga isatsekeke ndi njuchi zakufa. Kaudzu kouma kamakwanira kuzichotsa. Chachiwiri, onani ngati chigulu cha pawaya chatha mwadzidzidzi koma mumng'oma simunaonjezeke njuchi. Zikatero zapeza khomo lina, ndipo mukapanda kulipeza ndi kulimata, kuwerenga kwanu kwa masiku kumayambiranso pa 1. Nthawi zina zimaphunzira kulowera pansonga; mankhwala ake ndi kuveka mono wachiwiri wokulirapo pamwamba pa woyambawo.

Njuchi za kuno zili ndi khalidwe limodzi limene pa ntchito iyi limatithandiza. Zikaona kuti chakudya sichikulowa, sizichedwa kusamuka gulu lonse pamodzi ndi mfumukazi. Tsiku lina mungapeze chigulu chitalendewera panthambi pafupi ndi nyumbayo. Khalani ndi mng'oma wina wokonzeka, pakuti mwayi wotere umakupatsani magulu awiri pa ntchito imodzi.

Za nyengo, ife timakonda kumapeto kwa Ogasiti ndi mwezi wa Seputembala. Maluwa a m'thengo amakhala akuyamba, zamphongo zimapezeka zoti zikumane ndi mfumukazi yatsopano, ndipo kutentha sikunafike pachimake. Juni ndi Julayi kumazizira ndipo zamphongo zimachepa. Okutobala ali ndi vuto lakelake: njuchi zotunga madzi oziziritsira zisa ndi zomwe zija zatsekeredwa kunja, choncho pansi pa malata zisa zingasungunuke, uchi n'kuyenderera m'khoma. Pasukulu tcherani mono ana atangotsekera, chifukwa masiku oyambirira ndiwo oopsa. Njuchi zikwizikwi zimakhala zikuzungulira panja zitasokonezeka. Pa nyumba yopemphereramo yambani tsiku lotsatira tsiku la mapemphero. Dziwitsani a mfumu ndi oyandikana nawo. Mbuzi zomangirira, nkhuku za m'khola ndi agalu a pa unyolo zichotsedwe, pakuti chiweto chosatha kuthawa ndicho chimafa. Inu muvale zodzitetezera zonse, mugwire ntchito chakumadzulo, ndipo musakwere makwerero muli nokha. Munthu akalumidwa, mbola muichotse msanga poipala ndi chikhadabo. Koma akayamba kubanika, kutupa nkhope kapena pakhosi, kapena kuchita chizungulire, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale yamuluma njuchi imodzi yokha.

Mukaona kuti padutsa sabata yathunthu popanda njuchi yotuluka pansonga, ikani khutu kukhoma madzulo ndi kugogoda. Mukamva zii, gulu latha. Koma uchi ukadali mkati, ndipo ukasiyidwa umasasa, umaitana nyerere, makoswe, tizikumbu tating'ono ta m'ming'oma ndi mphutsi zodya sera. Chotsani mono tsopano, ndipo pakani uchi pang'ono pakhomo lakale lija. Njuchi za mumng'oma, zimene panopa zili ndi mfumukazi yawoyawo ndipo sizikhumbanso nyumba yakale, zidzalowa ngati olanda ndi kututa uchi wonse kupita nawo kumng'oma. Zimatenga masiku angapo, nthawi zina sabata ndi theka. M'masiku amenewa zimakalipanso, choncho anthu achenjezedwe kachiwiri. Ngati mukudziwa kuti wina anapoperapo mankhwala m'khomamo, gawo ili mulisiye, mungomata.

Kuyenda kwa njuchi pakhomopo kukatha, tsekani mng'oma usiku ndi kuusamutsira kutali, makilomita 5 kapena kuposerapo, ukhale kumeneko masabata atatu musanaubweretse pamalo anu ngati ali pafupi. Mukauika chapafupi, zouluka zonse zidzabwerera kukhoma lija m'mawa mwake. Usiku womwewo dzazani mphakoyo ndi mchenga kapena zidutswa za njerwa mmene mungathere, ndi kumata khomo ndi simenti. Fungo la zisa zakale limakhala m'khoma zaka zambiri, ndipo gulu loyamba lodutsa pamenepo nyengo yamawa lidzafufuza mng'alu uliwonse. Muuze mwini nyumba kuti chaka chilichonse, mombo usanaphuke, azizungulira khomalo ndi kumata paliponse pamene pang'aluka, ndipo mng'oma umodzi wopaka sera muupachike mumtengo chapatali ndi nyumbayo kuti gulu lofuna malo lipeze kolowa.